Ndani amalipira ulonda wa pa nyanja ya Chilwa?

Chaka chilichonse, kuyambira mwezi wa December mpaka February, boma limaletsa kugwiritsa ntchito makoka pa nyanja ya Chilwa pofuna kupereka mpata woti matemba, makumba ndi milamba ziswane. Kulengeza chiletsochi n'kosavuta, koma kuonetsetsa kuti chikutsatidwa kumafuna ndalama, ndipo ndalamazo zimachokera m'thumba la anthu.

Nyanja ya Chilwa, yomwe ndi yachiwiri kukula m'dziko muno, imakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo chakum'mawa ili m'malire ndi dziko la Mozambique. Ndi yosazama, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo yazunguliridwa ndi madambo a mabango. M'madambomu ndi momwe asodzi ena amamanga zimbowera, tinyumba toyandama, n'kukhala miyezi osatsika kumtunda. Bwato la injini silidutsa mosavuta m'malo otere.

Usodzi wophwanya malamulo kawirikawiri si wa munthu mmodzi. Pamakhala mwini khoka amene amaika mpamba, anyamata okoka khokalo, oyanika ndi owamba nsomba, komanso ogula opikulitsa amene amazitengera kumisika ya ku Zomba ndi ku Blantyre kudzera pamadoko monga la Kachulu. Ogwidwa pamadzi nthawi zambiri amakhala aganyu, pomwe mwini mpamba ali kumtunda. Makoka a maso ang'onoang'ono, kuphatikizapo osokedwa ndi masikito, amakokolola ndi tiana tomwe ta nsomba.

Ulendo umodzi woyendera nyanja umafuna mafuta a bwato, galimoto yonyamula zida zolandidwa, ndi ndalama zolipira alangizi a zausodzi pamodzi ndi apolisi owaperekeza. Mlandu ukafika kubwalo la majisitireti, pamakhalanso zolipira zina. Zonsezi zimadalira misonkho ya anthu, makamaka kudzera ku Dipatimenti ya Zausodzi ndi makhonsolo a maboma. Mafuta akakwera mtengo kapena akasowa, maulendo otere ndiwo amayamba kuchepa.

Pozindikira kuti silingathe palokha, boma lidayamba kugawana udindowu ndi anthu. Njirayi idayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993, ndipo idafika ku Chilwa nyanjayi itaphwa mu 1995, monga idachitiranso mu 1968. Pa nthawiyo mafumu ndi makomiti a m'midzi adateteza nsomba zomwe zidatsalira m'maiwe a mitsinje ngati Domasi ndi Likangala, poletsa kupha nsomba ndi mankhwala a katupe. Madzi atabwerera, nsomba zidachulukanso. Lamulo la zausodzi la 1997 lidavomereza kuti anthu a m'madera azitenga nawo mbali posamalira nsomba.

Komabe makomiti a m'madoko sadachotse mtengo wa ulonda. Adangousamutsira pamapewa a anthu akumudzi. Mamembala ake amagwira ntchito mongodzipereka: amasiya minda ya mpunga m'nyengo ya dzinja, amapalasa mabwato awoawo, ndipo amadana ndi abale awo akalanda khoka.

Ulonda ukafooka, wolipira amakhalabe munthu wamba. Nsomba zikaphedwa zisanaswane, chaka chotsatira msodzi wosunga lamulo amabwerako chimanjamanja, ndipo mulu wa matemba pamsika wa Zomba umachepa pomwe mtengo wake ukukwera.