Amisiri a Khodi ndi Mawu a Ntchito Yawo

Aliyense amene anayendapo mu msewu wa Great East Road kuchokera ku Lusaka kulowera kum'mawa, nafika m'dziko la Asoli limene amayang'anira Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, akudziwa kuti Chongwe ndi dziko la khasu ndi ng'ombe, kumene dzinja limalandiridwa anthu akasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula ndi kudalitsa mbewu. Komatu m'dziko lomweli mwayamba kumveka mawu amene makolo sanawadziwe, ndipo omveka koposa ndi awa akuti, "Sisitimu yagwa." Amawamva mlimi pa sitolo ya feteleza, mayi woyembekezera pa zenera la chipatala, ndi nkhalamba imene yadzatenga ndalama za pa foni zotumizidwa ndi mwana wake, ndipo onsewo amabwerera kwawo chimanjamanja, osadziwa amene angamusumire. Tsono popeza mawu a ntchito imeneyi ayamba kuweruza nkhani za chakudya, za matenda ndi za chuma cha anthu wamba, n'koyenera kuti tiwasanthule modekha, ndi kumuona munthu amene waima kuseri kwake.

Munthuyo ndiye wolemba mapulogalamu, amene anzake a ntchito amamutcha divelopa. Ntchito yake ndi kulemba khodi, ndiko kunena malangizo ondandalikidwa mzere ndi mzere m'zilankhulo zonga Python, Java ndi PHP, amene kompyuta imawatsata monga momwe analembedwera, osawonjezapo kapena kuchotsapo kanthu. Pakuti makina alibe nzeru ya kapitawo wokhwima, amene akamva lamulo lokhota amayamba wafunsa asanatume anthu kumunda. Cholakwa chobisala m'malangizowo chimatchedwa bagi, ndipo masiku ambiri a mmisiri ameneyu amathera pa kusaka mabagi, ena olemba iye mwini, ena osiyidwa ndi amene anamutsogolera pa mpandowo. N'chifukwa chake m'nyumba za ntchito zolongosoka khodi siperekedwa kwa anthu isanayesedwe ndiponso mmisiri wina asanaiwerenge, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Anthu a ku Chongwe anamva kulemera kwa mawu amenewa msanga kuposa anzawo ambiri, chifukwa mu nyengo ya ulimi ya 2015 mpaka 2016, pamene boma la Zambia linayesa njira yatsopano yogawira zipangizo za ulimi za pulogalamu ya FISP, dera lawo linali limodzi mwa madera 13 amene anayambirako. M'malo molandira matumba ogawidwa, mlimi ankaika K400 yake, boma n'kuwonjezapo zake, ndipo ankapatsidwa khadi la e-voucher loti akagulire feteleza, mbewu kapena mankhwala a ziweto kwa wogulitsa wa kumtima kwake. Nzeruyo inali yabwino, koma madandaulo anamveka a makadi ochedwa kutsegulidwa mvula itagwa kale. Ndipo wolima aliyense akudziwa kuti feteleza wofika chimanga chitamasula wataya mphamvu ya ntchito yake. Apa mpamene tiyenera kulekanitsa zinthu zitatu zimene anthu amazimanga m'dzina limodzi la sisitimu. Pali netiweki, imene ndi njira yoyendamo uthenga pakati pa sitolo ndi banki. Pali seva, kompyuta yaikulu yosagona imene imayankha mafunso a makina onse ang'onoang'ono. Ndiponso pali databezi, kaundula wamkulu mmene mwalembedwa dzina la mlimi, nambala ya chitupa chake cha NRC ndi ndalama zake. Nambala imodzi ikalembedwa mokhota m'kaundulamo, munthu wamoyo, amene nyakwawa ndi mudzi wonse akumudziwa kuyambira ubwana wake, amasanduka mlendo pamaso pa makina. Nthawi zinanso zitatu zonsezi zimakhala zangwiro, koma amene anayenera kuikamo ndalama sanaziike, ndipo pamenepo sisitimu imasenza mlandu wa anthu.

Ku chipatala mawuwa amalemera koposa. Unduna wa za Umoyo, mothandizana ndi bungwe la ku America la CDC, unakhazikitsa pulogalamu ya SmartCare, imene imasunga mbiri ya wodwala kuti munthu wakumwa ma ARV akasamuka ku Chongwe kupita ku Chipata, namwino wa kumeneko adziwe mankhwala amene ankalandira ndi tsiku limene anapimidwa magazi komaliza. Mbiri yotere ndiyo deta, ndipo mmisiri wanzeru saigoneka pa malo amodzi, koma amasunga bakapu, kope lachiwiri loikidwa kwina, loti makina akapsa kapena akabedwa zolembedwazo zisafere limodzi nawo. Amalingaliranso za tsiku losowa netiweki, nakonza pulogalamu yake kuti izilandirabe maina a odwala ndi kuwatumiza ku seva njira ikatseguka. Chaka cha 2024 chinaonetsa kuti izi si nkhani za m'mabuku. Pakuti chilala chitakula, madzi natsika m'nyanja ya Kariba, ZESCO inagawa magetsi mopereŵera kotero kuti m'miyezi ina nyumba zambiri zinkawaona maola atatu okha pa tsiku, ndipo inveta, batire ndi sola zinalowa m'kamwa mwa olemba mapulogalamu pamodzi ndi mawu a khodi.

Pamenepa tafika pa mawu okhudza mmisiri mwini. Oyamba ndi dedilaini, tsiku lomaliza limene mwini ntchito waika, limene silisuntha chinkana magetsi azime kapena mwana adwale. Wogwirira ntchito kunyumba ku Silverest kapena ku Chongwe boma, ngati magetsi abwera pakati pa usiku, amadzuka nthawi yomweyo nalemba mpaka tambala alire. Ndipo amene akutumikira kampani ya ku London kapena ku New York amatsata dzuwa la eni ake, osati la kwawo. Lamulo la ntchito la Employment Code Act la 2019 limati tsiku la ntchito ndi maola 8, ndi kuti wopitirira maola 48 pa mlungu alipidwe ovataimu. Koma chitetezo chimenechi chinakonzedwera wolembedwa ntchito, amene bwana wake amamuperekeranso gawo ku NAPSA la ukalamba wake ndi ku NHIMA la matenda ake. Koma alipo ambiri otchedwa ma freelancer, amene kunena zoona ndi aganyu a pa intaneti, olipidwa ntchito ikatha. Ameneŵa akapanda kudzisungira okha, tsiku la matenda limawapeza opanda pogwira. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: malipiro a madola amasangalatsa maso, koma wanzeru amayamba wafunsa zimene pangano likunena za tchuthi, za kudwala ndi za tsiku lolekana.

Thupi nalo lili ndi mawu ake, ndipo silinama. Maso oyang'ana sikirini kosalekeza amaiwala kuphethira, nauma, nayamba kulasa mutu. Madokotala a maso amalangiza kuti pakapita mphindi 20 munthu ayang'ane chinthu chakutali mamita 6 kwa masekondi 20. Dzanja lobwereza kachitidwe kamodzi pa kiyibodi ndi pa mausi limatupa mitsempha, ndipo mtsempha wodutsa pa mfundo ya dzanja ukapanikizika zala zimachita dzanzi usiku, matenda amene madokotala amawatcha carpal tunnel. Msana ndi khosi zimalipira mangawa a mpando wosayenera ndi laputopu yoikidwa pa miyendo. Koma choopsa kuposa izi ndi kutopa kwa mtima, pamene munthu amene ankakonda ntchito yake ayamba kuida, nakhala wopanda mphamvu ngakhale wagona. Bungwe la World Health Organization linakulemba m'chaka cha 2019 monga vuto lochokera ku ntchito, pansi pa dzina la burn-out. Bungwe lomwelo pamodzi ndi la International Labour Organization linaulutsa m'chaka cha 2021 kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa mlungu kunachititsa imfa za anthu 745,000 m'chaka cha 2016 kudzera m'matenda a mtima ndi sitiroko. Indetu, mmisiri wosagona ndiye mayi wa mabagi, ndipo kutopa kwake kumakatulukira pa zenera la chipatala chakutali.

Atsala mawu a lamulo, amene achinyamata ambiri amawanyoza mpaka tsiku loitanidwa. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limazindikira anthu atatu: mwini deta, amene ndi mlimi kapena wodwala uja, wolamulira deta, amene amagamula chifukwa choisonkhanitsira, ndi woigwiritsa ntchito m'malo mwa wolamulirayo. Limaika mbiri ya matenda m'gulu la zinsinsi zofuna chisamaliro chapadera, limalamula kuti zoterezo zisungidwe pa seva ya m'dziko la Zambia, ndiponso kuti deta ikabedwa kapena ikatayika, Komishinala woona za chitetezo cha deta auzidwe pasanathe maola 24. Motero mnyamata amene wakopera kaundula wa odwala pa laputopu yake kuti akayesere pulogalamu kunyumba, angakhale mtima wake uli woyera, wanyamula chinsinsi cha anthu popanda chilolezo chawo. Palinso funso lakuti khodi ndi ya yani. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limateteza mapulogalamu a kompyuta, ndipo chimene munthu walemba ali pa ntchito ya bwana wake chimakhala cha bwanayo, pokhapokha pangano litanena zina. Ngakhale khodi yogawidwa kwaulere, yotchedwa open source, ili ndi laisensi yake. Ya GPL imalamula kuti wogawira ena pulogalamu yomangidwa pa iyo atsegulenso khodi yake. Kuwonjezera apo, lamulo la 2018 linakhazikitsa bungwe la ICTAZ lolembetsa amisiri a ntchitoyi, ndipo m'chaka cha 2025 anadza malamulo awiri atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, m'malo mwa lamulo lina la 2021 la nkhani zomwezi. Kulowa m'kompyuta ya mwini popanda chilolezo, ngakhale pofuna kungomuonetsa pamene pali chiboo, ndi mlandu.

Wofuna kudziwa kumene bagi yobisidwa ingafikitse anthu ayang'ane ku Britain, kumene pulogalamu ya Horizon, yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu, inkaonetsa kuti ndalama zasowa m'mapositi ofesi pamene sizinasowe. Pakati pa 1999 ndi 2015 oyendetsa mapositi ofesi oposa 900 anapezeka olakwa, ena naponyedwa m'ndende, chifukwa mabwalo anakhulupirira makina koposa anthu; ndipo kunali m'chaka cha 2024 pamene nyumba ya malamulo inafafaniza zigamulozo. Mlandu suola, koma zaka za anthu amenewo sizinabwerere. Pamene pulogalamu yakhala mboni, wolemba wake wakhalanso mboni, ndipo kubisa cholakwa chimene akuchidziwa ndiko kuchitira mnansi wake umboni wonama.

Chifukwa chake ndikudandaulirani inu, ana athu ophunzira pa Chalimbana University ndi pa University of Lusaka ku Silverest, amene mwasankha umisiri umenewu: pamene mukuloweza mawu a makina, lowezaninso mawu a thupi lanu ndi a lamulo la dziko lanu, pakuti onsewa ndi a ntchito imodzi. Werengani pangano musanasaine, gonani nthawi ya kugona, ululani bagi tsiku lomwe mwaiona, ndipo musungire mwini deta chinsinsi chake monga mufuna kuti chanu chisungidwe. Inunso olemba anthu ntchito, musaike dedilaini imene thupi la munthu silingaikwanitse, pakuti chimene mwapulumutsa pa ovataimu adzalipira ndi alimi ndi odwala amene simudzawaona nkhope.