Pamene Ogula Anakana Kugulira pa Zenera

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, lero tikamba za nkhondo imene inamenyedwa popanda mkondo kapena mfuti. Cida cake cinali ndalama ya m'thumba mwa munthu wamba.

M'masiku a atsamunda, dziko lathu likuchedwa Northern Rhodesia, amuna ambiri a ku Katete, Sinda ndi Vubwi anali kupita ku Lusaka ndi ku Migodi kukafuna ndalama za msonkho. Kumeneko anapeza mwambo wocititsa manyazi. M'masitolo ambiri a Azungu, makamaka m'mabuchala, munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pa khomo. Anali kuima pa mzere panja, dzuwa kapena mvula, nagulira pa kazenera ka m'mbali. Nyama sanali kusankha yekha. Anali kungolandira phukusi lokulungidwa kale, ndipo pomasula kunyumba anali kupeza mafupa ndi mitsempha. Komatu sheleni yake inali yofanana ndi sheleni ya Mzungu!

Anthu akuda amene anali ndi mphamvu yoponya voti anali owerengeka cabe, ndipo mu 1953 citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinakhazikitsidwa iwo akukana. Motero cipani ca African National Congress, cotsogozedwa ndi Bambo Harry Nkumbula pamodzi ndi mlembi wao Bambo Kenneth Kaunda, cinafuna njira yina. Kuciyambi kwa 1954 cinauza anthu a mu Lusaka kuti aleke kugula nyama m'mabuchala a tsankho. Uku ndiko kunyanyala. Anthu a cipani anaima pafupi ndi makomo kubweza ogula, ndipo ena anamangidwa ndi apolisi.

Pano tiyenera kukumbukira amai, pakuti mabuku saachula kawirikawiri. Ndiwo anali kuphika. Kwa masabata angapo anapereka nsima ya ndiwo zamasamba kwa amuna otopa ndi ana olira nkhuli, uku ndalama ya nyama ili m'manja. Akadafooka iwo, zonse zikadagwa. Koma nyama inayamba kuonongeka m'mabuchala, ndipo eni ake anazindikira kuti anthu amene anali kuwanyoza ndiwo anali kuwadyetsa. Ena anatseka mazenera aja, natsegula makomo. Bambo Kaunda analekeratu kudya nyama cifukwa ca cipongwe cimeneci, ngakhale atakhala mtsogoleri wa dziko.

Mu 1956 kunyanyala kunafalikira ku masitolo a m'mizinda yina, a Azungu ndi a Amwenye omwe. Sizonse zinayenda bwino, pakuti ena anaopsezedwa kuti asagule, cinthu cimene sitingaciyamikire. Boma linacita cidodo, koma mu 1960 linaika lamulo loletsa tsankho m'nyumba zodyera, m'mahotela ndi m'nyumba za kanema. Ufulu unafika pa 24 Okutobala 1964.

Cida cimeneci si ca dziko lathu lokha, ndipo sicinathe ndi atsamunda. Mu 1955 anthu akuda a mu mzinda wa Montgomery ku America analeka kukwera mabasi a tsankho kwa caka cathunthu. Mu 2010, ku America komweko, kampani ya masitolo ya Target inapereka madola 150,000 ku gulu lothandiza Tom Emmer, amene anali kufuna kukhala bwanamkubwa wa Minnesota, ndipo anali kutsutsa zakuti amuna okhaokha kapena akazi okhaokha aziloledwa kukwatirana. Ogula amene anaona kuti ndalama zao zikulimbana ndi ufulu wa anthu amenewo analeka kugulako, mpaka mkulu wa kampaniyo anapepesa kwa anchito ake. Mlandu unali wosiyana ndi wathu, koma ogula anafunsa funso lomwelo: kodi ndalama yanga ikucita ciani ikacoka m'manja mwanga?

Aphunzitsi, tumani ana kwa agogo amene anagwirako nchito ku Lusaka kapena ku Migodi ufulu usanafike. Akafunse mmene anali kugulira nyama, alembe mayankho m'makope ao, ndipo adzawerenge pamaso pa anzao sabata yamawa.