Kujambula Kanema M'kalasi Ngati Njira Yophunzirira

Kujambula kanema m'kalasi ndi njira yophunzitsira imene ophunzira amadzipangira okha kanema wamfupi wokhudza phunziro lawo. Njirayi inayamba kufala kampani ya Apple itatulutsa pulogalamu ya iMovie m'chaka cha 1999, yomwe inapeputsa ntchito yolumikiza zithunzi ndi mawu pa kompyuta.

M'chaka cha 2001, bungwe la boma la Becta ku Britain linayesa njirayi m'sukulu 50. Bungwe la British Film Institute, lomwe linaunika ntchitoyo mu 2002, linapeza kuti ana ankachita khama kwambiri pa maphunziro, ndipo kanema ankatuluka bwino pamene mphunzitsi wayamba wawaphunzitsa kajambulidwe koyenera.

Kawirikawiri ophunzira amagawidwa m'magulu. Amafufuza mfundo, kulemba ndondomeko ya nkhani, kujambula, kenaka kudula zosafunika asanaonetse anzawo. Potero amazolowera kugwirira ntchito limodzi ndi kulankhula momveka bwino.

Masiku ano foni ya m'manja ndi yokwanira pa ntchitoyi. Komabe sukulu iyenera kupempha chilolezo kwa makolo isanaike nkhope za ana pa intaneti, chifukwa kanema akangofalikira nkovuta kumuchotsa.