HDMI splitter

HDMI splitter ndi kachipangizo kamene kamatenga zithunzi ndi mawu kuchokera pa dikoda imodzi n'kuzigawira ma TV awiri, anayi kapena asanu ndi atatu. Luso la HDMI linayamba mu 2002.

Pa malo a malonda ngati Mbulumbuzi, m'boma la Chiradzulu pa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, kachipangizoka kangathandize eni malo ogona alendo ndi oonetsa mpira, chifukwa safunika kugula dikoda ya chipinda chilichonse.

Kagwiridwe ka ntchito

Waya mmodzi amachoka pa dikoda kulowa mu splitter, ndipo mawaya ena amachoka apo kupita ku TV iliyonse. Waya wa HDMI akatalika kupitirira mamita pafupifupi 15, zithunzi zimayamba kudukaduka. Chipinda chikakhala patali, amagwiritsa ntchito HDMI extender yomwe imatumiza zithunzi pa waya wa Cat6.

Zovuta zake

Ma TV onse amaonetsa tchanelo chimodzi. Wina akasintha, onse asinthidwa. Ofuna matchanelo osiyana pa DStv amalumikiza madikoda kudzera mu XtraView. Ma splitter ambiri amafunanso magetsi akeake.