Kuchokera ku Ng'anjo ya ku Kasungu Kufika ku Ndege ya ku Chileka

Kumadzulo kwa boma la Kasungu, munthu akadutsa minda ya fodya ndi zigafa zake, amafika m'nkhalango yosungirako nyama zakutchire ya Kasungu, yomwe imachita malire ndi dziko la Zambia. Pakati pa nkhalangoyi pali malo otchedwa Lifupa, pomwe pali damu, nyumba zogona alendo ndi kabwalo kotera ndege zing'onozing'ono. Munthu wokonda ndege angaone ngati kabwaloka n'kosanunkha kanthu, koma ulendo wofufuza mbiri ya ndege m'Malaŵi ukhoza kuyambira pomwepa.

Kale m'nkhalangoyi munali midzi. M'chaka cha 1922 boma la atsamunda lidasamutsa anthu chifukwa cha matenda a kaodzera, omwe amafala ndi kashembe, ndipo malowo adasanduka nkhalango yotetezedwa. Mu 1930 adakhala malo osungirako nyama, kenaka mu 1970 boma la Malaŵi lidawakweza kukhala paki ya dziko lonse. Popeza makasu sadalimenso m'menemo, zina zomwe makolo adasiya zidapulumuka. Mlendo amaona zojambula za pamiyala ku Solonje, mabwinja a midzi ya malinga, ndiponso ng'anjo yomwe amisiri ankasungunuliramo miyala kuti apeze chitsulo cha makasu, nkhwangwa ndi mikondo.

Ndege zidadzapeza ntchito yake m'nkhalangoyi. Nyama za m'dera lalikulu chotere siziwerengeka bwino poyenda pansi, choncho akatswiri amauluka chapansipansi m'mizere yoongoka, uku akulemba chilichonse chomwe aona. Kalembera wotereyu amathandiza kudziwa ngati nyama zikuchuluka kapena zikutha. Njovu za ku Kasungu zidali zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970, koma pofika 2015 zidatsala pafupifupi 50 chifukwa cha opha nyama mozemba. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kudzawonjezera zotsalazo.

Wokonda ndege akachoka ku Lifupa ayenera kulowera kunyanja. Mu 1949 kampani ya ku Britain ya BOAC idayamba kuteretsa ndege zake za mtundu wa Short Solent pamadzi ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi. Ndegezi zinkachokera ku Southampton kupita ku dziwe la Vaal, kufupi ndi Johannesburg. Pansi pake padapangidwa ngati bwato, moti sizinkasowa bwalo lapamtunda. Maulendowa adatha mu 1950, pamene ndege zotera pamtunda zidalanda malo. Poti madzi sasunga mapazi, lero mlendo amangopeza mchenga, mabwato ndi maukonde a asodzi.

Chaka chomwe dziko lino lidalandira ufulu, 1964, ndi chomwenso kampani ya Air Malawi idabadwa. Poyamba idali nthambi ya Central African Airways, koma mu 1967 idayima payokha. Mu 1974 idagula ndege yaikulu ya Vickers VC10 kwa kampani ya British Caledonian. Ndegeyi idali ndi mainjini 4 a Rolls-Royce, onse chakumchira, ndipo inkanyamula anthu kuchokera ku Chileka mpaka ku London. Chidali chinthu chonyaditsa kuona mbendera ya dziko laling'ono ikutera pakati pa ndege za mayiko olemera. Komabe VC10 inkamwa mafuta ambiri, ndipo mu 1979 idaleka kugwira ntchito. Idakhala ku England kudikira woigula, koma sadapezeke. Mu 1981 idabwerera ku Chileka, komwe idaimikidwa pambali, dzuwa ndi mvula zikuithera. Bwalo la Kamuzu litatsegulidwa ku Lumbadzi mu 1983, ndege zochokera kutali zidayamba kutera kumeneko, ndipo VC10 idaiwalika ndithu. M'zaka za m'ma 1990 idaphwanyidwa n'kusanduka zitsulo wamba. Nayo Air Malawi idatsekedwa mu 2013.

Ndege zina za mtundu womwewu zidaona mwayi. Ku Brooklands, m'dziko la England, komwe kampani ya Vickers inkapangira ndegezi, kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale. Kumeneko kudaperekedwa VC10 yomwe inkanyamula mfumu ya dziko la Oman, kuti alendo aziiona. Ku South Africa gulu la nkhondo la mumlengalenga lidakhazikitsa nyumba yotere ku Swartkop, kufupi ndi Pretoria. Mwana wa sukulu akafika pamalo otere amaona ndi maso ake kupindika kwa phiko komwe kumathandiza mpweya kunyamula ndege, ndipo ena amabwerako ali ndi mtima wodzakhala oyendetsa ndege kapena amakaniko.

Mbiri ya ndege ili ndi misozi yakenso, ndipo mayiko oyandikana ndi Malaŵi adaimika zipilala zachikumbutso. Kufupi ndi mzinda wa Ndola ku Zambia kuli malo pomwe ndege ya DC-6 idagwa usiku wa pa 17 kuchera pa 18 Sepitembala 1961. Ngoziyo idapha mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, Dag Hammarskjöld, ndi anthu ena 15. Ku Mbuzini m'dziko la South Africa, ndege ya Tupolev Tu-134 idawomba phiri pa 19 Okutobala 1986 n'kupha mtsogoleri wa dziko la Mozambique, Samora Machel, ndi ena 34. Mu 1999 padatsegulidwa chikumbutso cha mapaipi achitsulo 35, limodzi kuimira munthu mmodzi, ndipo mphepo ikamaomba mapaipiwo amalira ngati anamfedwa. Malaŵi naye adalawa chisoni chotere pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali ya Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena 8.

Tikayerekeza ng'anjo ya ku Kasungu ndi ndege ya ku Chileka, tipeza phunziro lalikulu. Ng'anjo idawumbidwa ndi dothi, koma idakhalitsa chifukwa idali pamalo otetezedwa ndi lamulo. Ndege idapangidwa ndi zitsulo zolimba, koma idatha chifukwa idasowa woisamala. Chinthu sichipulumuka chifukwa cha kulimba kwake, koma chifukwa cha anthu oganizira am'tsogolo.

Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. VC10 idapita, koma zilipo zina zomwe zingapulumutsidwe: zithunzi, matikiti akale, yunifolomu, mabuku a maulendo, ndi nkhani zomwe zili m'mitu mwa amayi ndi abambo amene adagwirapo ntchito pa ndege. Zimenezi zitasonkhanitsidwa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri mu Blantyre, ana a mawa sangadzamve mbiri ya ndege za dziko lawo ngati nthano chabe.