Chimbudzi choyamba cha mwana wa ku Milange chinali mapazi a mayi wake

Kale kuno ku Milange mwana sankadikiridwa kuti ayambe wayankhula kuti aphunzitsidwe kudzithandiza. Ntchitoyi inkayamba akangotuluka chikuta, mchombo utagwa, khosi litangoyamba kulimba. Mayi ankakhala pansi n'kutambalala. Akafuna kuti khanda likodze, ankalikhazika pakati pa miyendo litayang'ana kutsogolo, msana wake utatsamira pamimba pa mayiyo, iye n'kumaimba kamluzu kapansipansi. Akafuna kuti libibe, ankalitembenuza kuti ayang'anizane, timatako tili pa akakolo a mayi, mapazi atasiya mpata pakati, mayi akudzuma pang'ono kuti mwana atengere. Ankachita zimenezi mwana akangodzuka, akangomaliza kuyamwa, ndiponso asanamubereke popita kumunda. Pakapita miyezi, mwana ankati akangomva kamluzuko, thupi linkadziwa lokha chochita.

Anganga anga, amene anabadwira m'munsi mwa phiri la Tumbine nthawi ya Apwitikizi, ankati mayi wonyowa kumsana ndi mayi wosamvera. Sankanena za makutu. Mwana ali kumbuyo amalankhula ndi thupi: amadziwongola, amakankha ndi mawondo, kapena amangoti zii mwadzidzidzi pamene anali kusewera ndi mkanda wa m'khosi. Mayi wozolowera ankamasula mbereko nthawi yomweyo, ngakhale ali pakati pa mzere, n'kumutula. Mwana akakukodzera sunkayenera kudzidzimuka kapena kukuwa, poopa kuti mkodzo ungabwerere n'kumudwalitsa. Mlendo akanyowetsedwa ankauzidwa kuti mwanayo wamukonda, nkhani n'kuthera m'kuseka.

Luso limeneli silinabadwe chifukwa choti makolo athu anali anzeru kuposa ife. Linabadwa chifukwa cha usiwa. Kuyambira 1938 mpaka 1961 boma la atsamunda linkakakamiza anthu kulima thonje m'madera ambiri a Mozambique, Zambezia ali momwemo, koma olimawo nsalu sankaiona kawirikawiri. Amuna ankatengedwa chibalo, ena kuminda ya tiyi ya konkuno, ena n'kuthawira ku Mulanje ndi ku Thyolo. Mkazi wotsala pakhomo, wokhala ndi nsalu imodzi yovala ndi ina yoberekera, wopanda sopo, sakanatha kuchapa kangapo patsiku. Kumumvetsera mwana kunali kotchipa kuposa kuchapa.

Ofufuza awiri a banja la deVries anakaona mchitidwe wofanana ndi umenewu pakati pa Adigo a kugombe la Kenya, n'kulemba mu 1977 m'magazini ya madokotala a ana yotchedwa Pediatrics kuti kumeneko makanda amayambidwa ali ndi masabata ochepa, ndipo pofika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi ambiri sanyowetsanso usana ngakhale usiku. Ku America zinadabwitsa, chifukwa kuyambira 1962 dokotala wotchuka T. Berry Brazelton ankaphunzitsa kuti mwana asayambidwe asanakwanitse chaka ndi theka, azidikiridwa mpaka aonetse yekha kuti wakonzeka. Malangizo amenewo anatuluka patangopita chaka kampani ya Procter & Gamble itayamba kugulitsa matewera otaya otchedwa Pampers, ndipo patapita zaka zambiri dokotala yemweyo anaoneka pa kanema akutsatsa matewera amenewa. Sindikunena kuti ankanama. Kudikira n'kosavuta kwa munthu amene wina akumutayira zonyansazo.

Koma mwambo wathu unali ndi chilema chake, ndipo chinapha ana. Mwana akabiba, mayi ankatenga khasu, n'kukokolola, n'kukaponya kudzala kapena m'nthochi kuseri kwa nyumba. Waulesi ankangoitana galu. Akuluakulu ankati bibi wa mwana woyamwa ndi mkaka chabe, alibe matenda. Lero a zaumoyo amatiuza kuti chimbudzi cha mwana chimakhala ndi tizilombo tambiri kuposa cha wamkulu, chifukwa ana ndiwo amatsegula m'mimba kawirikawiri ndiponso amakhala ndi njoka za m'mimba. Mwana woyenda ankangovala mkuzi m'chiuno, n'kumatsatira akulu ake kuseri kwa nkhokwe, akatha n'kuseta pansi kapena kupukutidwa ndi tsamba kaya chitsononkho. Manja omwewo ankabwera kudzagwira nsima. Mvula ikagwa, zonsezo zinkatsikira kumtsinje kumene tinkatunga.

Wovutika kwambiri anali mwana wokula koma wokodzabe pogona. Madzulo tinkaopsezedwa kuti wosewera ndi moto akodzera pamphasa, ndipo anthu olankhula Chipwitikizi nawonso amaopseza ana awo ndi mawu omwewo. M'mawa mphasa yonyowa inkayanikidwa poonekera, anzake n'kumuzungulira akumuimba nyimbo zomuchititsa manyazi. Ndinaona ana akukana kumwa madzi kuyambira masana chifukwa cha mantha. Palibe amene anasiya chifukwa cha nyimbozo. Ankasiya thupi likakhwima.

Matewera a nsalu yathawulo, omangidwa ndi chipini, anabwera ndi anthu apantchito: aphunzitsi, anamwino, ndi amuna obwera ku Limbe kapena ku Salisbury. Anali chizindikiro cha pakhomo podya bwino. Chingwe chodzaza matewera oyera chinkalengeza malipiro a bambo kuposa njinga. Kumudzi anthu ankang'amba nsalu zakutha n'kumamangira mwana paulendo wokha, wa kutchalitchi kapena kusikelo, pakhomo n'kumapitiriza za pamapazi.

Ufulu utabwera pa 25 June 1975, boma la Frelimo linayambitsa mu 1976 kampeni yoti banja lililonse likumbe chimbudzi. Amayi anga ankasimba kuti maenje anakumbidwa ndithu, chifukwa akuluakulu a chipani ankayendera nyumba ndi nyumba. Koma pamwamba ankayala mitengo n'kuthira dothi, chiswe n'kudya mitengoyo, mvula n'kukulitsa bowo. Palibe mayi amene akanalola mwana wa zaka ziwiri kulowamo. Ndiye akulu ankapita kuchimbudzi, ana n'kumapitabe m'nthochi. Vuto limeneli ndi lina mwa amene anachititsa kuti ku Maputo, kuyambira 1979, ayambe kuumba chivundikiro cha simenti chokhala ndi bowo laling'ono ndi chotsekera chake. Katswiri wa ku Sweden amene anali pa ntchitoyo, Björn Brandberg, anadzapanganso ku Malawi kachivundikiro kakang'ono kotchedwa SanPlat. Kumidzi ya kwathu zinthuzi sizinafike msanga. Nkhondo ndiyo inafika.

A Renamo analanda tauni ya Milange mu September 1986, ndipo asilikali a boma anailandanso mu 1988. Ife tinawoloka Muloza ndili kamtsikana, mng'ono wanga ali kumsana kwanga, amayi atasenza mtolo. Otsala m'tchire anafika povala ziguduli ndi makungwa, kotero za thewera panalibe woziganiza. Pofika 1992 othawa nkhondo a ku Mozambique anapitirira 1 miliyoni ku Malawi.

Kumsasa wa othawa nkhondo n'kumene ndinaphunzira zonse ziwiri, za pamapazi ndi za dzenje. Ine ndinali mlezi, amayi ali pamzere wa ufa kapena kuganyu, ndiye mwana ndinkamukhazika pamapazi anga owonda monga anganga anandionetsera. Koma nthochi zoponyamo kunalibe. Kuseri kwa chisakasa chathu kunali pakhomo pa anthu ena, ndipo khasu la bibi linkayambitsa ndewu. Alangizi a zaumoyo ankayenda akukalipa kuti za mwana nazonso zizipita m'dzenje, kenako kusamba m'manja ndi sopo kapena phulusa. Akuluakulu poyamba ankaseka. Anasiya kuseka kolera itayamba kulowa m'misasa. Ku Nyamithuthu kokha, m'boma la Nsanje, anthu pafupifupi 2,000 anagonekedwa nayo mu 1990. Amayi ambiri a msinkhu wanga anabwerera kwawo, pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 October 1992, atazolowera kutaya bibi wa mwana m'chimbudzi. Ana anga ndinawalera choncho: pamapazi, kambale kakale kali pansi, kenako kudzenje.

Mapampasi anabwera ndi msika. Malonda a chimanga ndi nandolo atakula, njinga zikuwoloka usana wonse pakati pa Milange ndi Limbuli, matewera otaya anayamba kuoneka m'mashopu, kenako pa mabenchi, akugulitsidwa limodzilimodzi kwa wa meticais ndi wa makwacha yemwe. Kugulitsa kotereku n'kumene kunawafikitsa kwa osauka. Mayi amagula limodzi n'kufuna kuti likwane tsiku lonse, mwana n'kusupuka m'mphechepeche. Ndipo popeza thewerali limamwa mkodzo, mwana samva kunyowa, mayi samvanso kalikonse kumsana. Masiku ano si zachilendo kuona mwana wothamanga, wodziwa kupempha ndalama ya mandasi, akukabisala kuseri kwa chitseko kuti adzithandizire m'thewera.

Nditamukhazika mdzukulu wanga pamapazi, mayi wake, amene ndi mpongozi wanga, anati, "Amayi, kumeneku si kumuzunza mwana? Adakali wamng'ono, adzaphunzira akayamba kuyankhula." Ine ndinati, "Mayi a mwana, mukumuona akulira?" Mwana anali kuseka, akukoka mpango wanga. Komabe mpongozi wangayo sindimuweruza. Amakhala pamsika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, pamalo opanda poti n'kutulira mwana, ndipo mtsikana amene kale akanakhala mlezi ali kusukulu, kumene ayenera kukhala. Tinagwirizana kuti kumsika azivala thewera, pakhomo m'mawa ndi madzulo azikhala pamapazi, kenako pa poti wapulasitiki akayamba kukhala yekha. Masiku ena zinkayenda bwino. Akadwala malungo kapena kukabwera alendo, zonse zinkabwerera pambuyo, n'kuyambiranso.

Chimene sitinachipezere njira ndi kotaya. Mukaponya mapampasi m'chimbudzi, dzenje limadzaza msanga chifukwa saola. Kuwotcha amayi ambiri amakana, amati mwana atuluka zilonda kumatako, ena amaopa kuti wankhanza angatole thewera n'kukachitira mwana zoipa. Ndiye amawamanga m'jumbo n'kukaponya usiku m'ngalande kapena kumtsinje, agalu n'kuwabweretsanso pakhomo m'mawa. Kuyambira cha m'ma 2008 ndondomeko ya SANTOLIC yakhala ikulimbikitsa midzi ya m'Mozambique kusiya kudzithandiza patchire, ndipo midzi yochita bwino imalengezedwa kuti yamasuka. Koma owerengera amawerenga zimbudzi, sawerenga majumbo a m'ngalande. Namondwe Freddy atalowera ku Quelimane mu March 2023, madzi anagwetsa zimbudzi mbali zonse ziwiri za malire, pa nthawi imene kolera inali kale pakati pathu. Ku Malawi mliri umene unayamba mu 2022 unapha anthu oposa 1,700.

Anamwino ndi alangizi amene mumaphunzitsa amayi pa tsiku la sikelo, nkhani ya kuyamwitsa ndi katemera mumaifotokoza bwino, koma ya kudzithandiza kwa mwana mumangoidumpha. M'mudzi uliwonse wa Milange mukadali agogo odziwa kukhazika khanda pamapazi. Aitaneni adzaonetse atsikanawa pamaso panu, inu muwonjezerepo za dzenje ndi sopo. Ndipo a khonsolo atikumbire malo otayako matewera pafupi ndi misika mvula isanayambe.