Mmene Makolo Ankafikira kwa Mphambe

Amishoni a UMCA atafika ku Magomero mu 1861, motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, ankadziwa kuti abwera kudzaphunzitsa anthu kupemphera. Sipanapite nthawi, mmodzi mwa iwo, Henry Rowley, anaonerera pemphero limene sanaphunzitse iwo, ndipo analilemba m'buku lake la mu 1866.

Mvula inali itachedwa. Mfumu Chigunda ya Amang'anja inasonkhanitsa anthu ake kutchire, kenako onse anandondozana, amayi patsogolo, kupita kumalo olambulidwa bwino ndi otchingidwa ndi mpanda. Pakati pake panali kachisi. Amayi anakhala mbali yawo, abambo yawo, mfumu payokha chapatali. Amene anatsogolera mwambo sanali mfumuyo ayi, anali mayi wina dzina lake Mbudzi, amene ankati ndi mlongo wake wa Chigunda. Dzanja lina ananyamula kadengu ka ufa, lina kamphika ka mowa. Atalowa pakhomo pa kachisi anatapa ufa n'kuthira pansi, akuitana Mphambe kuti amve, agwetse mvula. Anthu ankavomera ndi kuwomba m'manja motsitsa. Anatero mobwerezabwereza mpaka ufa unatha, mowa nawo unathiridwa. Atatuluka anatseka kachisi, n'kudzigwetsa chagada pafumbi, ndipo khamu lonse linachita chimodzimodzi, m'manja mukulirabe.

Kuwomba m'manja kumeneko n'kosiyana ndi kuja timachita wandale akamaliza kulankhula. Ndi kwa manja okhoteka pang'ono, kolira mogunda, komwe mpaka lero munthu woleredwa bwino amachita akamalonjera mfumu kapena apongozi, ali chinjutire kapena atagwada. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Makolo sanapeke ulemu wapadera wopita nawo kwa Chauta. Anatenga ulemu wa pabwalo la mfumu n'kuukuza. Kwa mfumu munthu safika yekha, amadzera mwa nduna. Kwa Namalenga ankadzera mwa mizimu ya makolo. Kwa mfumu sapita chimanjamanja. Kukachisi ankapita ndi ufa, mowa, nkhuku kapena mbuzi. Ndipo mawu amene ankamveka kwambiri pothira nsembe anali a wolakwa, akuti pepa.

Ulemuwo unkayambira kunyumba. Mudzi ukamakonzekera nsembe, apabanja ankadika, osakhala malo amodzi, kuti pasapezeke wotentha woipitsa mwambo. N'chifukwa chake ntchito zina zokhudza nsembe zinkagwera ana ndi agogo, amene ankatengedwa kuti ndi ozizira.

Kachisi wa Chigunda anali wa mudzi umodzi. Dziko likauma lonse, Achewa ankayang'ana ku Msinja, kumunsi kwa mapiri a Dzalanyama, kumene chipembedzo cha Chisumphi chinasamukira kuchokera ku Kaphirintiwa. Kumeneko kunali Makewana, mayi wa mfunda wa Banda, wolankhulira Chisumphi. Tsitsi lake silinkametedwa poopa kudula mvula. Ankatumikiridwa ndi akazi otchedwa matsano, pamene a mfunda wa Mbewe ankapereka Kamundi, woimira njoka Thunga, ndipo Tsang'oma ankasunga ng'oma yopatulika yotchedwa mbiriwiri. Mafumu amphamvu ankatumiza mphatso kwa mayi ameneyu wosagwira mkondo. Koma ulemu umenewu sunathe kuletsa nkhondo: Angoni anaphwasula Msinja m'zaka za m'ma 1800, ndipo malowo sanabwererenso pa mbiri yake yakale.

Kumene mwambo wakhalitsa ndi ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, ku kachisi wa mvula wa Mbona. Nkhalango yake sidulidwa mtengo ngakhale umodzi, ingakhale nkhuni zivute bwanji m'midzi yozungulira. Wolowa amavula nsapato ndi zovala zake za masiku onse, n'kufunda nsalu yakuda, mtundu wa mitambo ya mvula. Bwana kapena mlimi, onse amalowa chimodzimodzi, phazi pa dothi. Wansembe wa Katolika Matthew Schoffeleers anatha zaka zambiri akufufuza za malowa, ndipo mu 2011 dziko la Malawi linawaika pa mndandanda wa malo oyembekezera kuzindikiridwa ndi UNESCO.

Chikhristu chitazika mizu, ku Blantyre mu 1876, ku Mvera mu 1889, ku Mua mu 1902, zambiri zinatembenuka. Mizimu inachotsedwa pa udindo wa unkhalapakati, nsembe za ufa ndi mowa zinatchedwa zachikunja, ndipo kwa zaka zambiri ng'oma sinkaloledwa m'matchalitchi ambiri. Mtundu wopatulika unasintha kuchoka pa wakuda kupita pa woyera: malaya a ubatizo, bulauzi ndi duku la amayi a Mvano ndi a Chigwirizano. Ngakhale nsapato zinasintha mbali. Kale wopemphera ankazivula, tsopano anayamba kusungira Lamulungu zabwino zimene anali nazo, ena n'kumazinyamula m'manja ulendo wonse kuti akazivalire pafupi ndi tchalitchi.

Komabe thupi silinaiwale zonse. M'matchalitchi ambiri a kumudzi amayi amakhalabe mbali yawo, abambo yawo, monga anakhalira anthu a Chigunda. Mayi wopereka madzi osamba m'manja kwa abusa amagwada osauzidwa ndi munthu. Lilime nalo linasunga mwambo: Mchewa akamapemphera amati Inu, sangayerekeze kunena kuti iwe, monga momwe sangatero kwa mfumu. Amishoni ena ankaona ngati ndi iwo anabweretsa kugwada, pamene maondo a anthuwa anali atazolowera kale dothi.

Chotsalira chinali dzina. Omasulira Buku Lopatulika, amene ntchito yawo inatsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Nkhoma n'kutha mu 1922, anatenga mawu akuti Mulungu, koma pa dzina lenileni la Mulungu wa Aisraeli analemba Yehova. Panapita zaka zoposa 70 kuti akatswiri a Katolika ndi a mipingo ina, atakhalira limodzi, atulutse Buku Loyera mu 1998. M'malo onse aja munali Yehova, iwo analembamo Chauta.